Khadi la a Yotamu

Pa chilumba china cha pakati pa nyanja pankakhala mkulu wa mpingo amene ankasunga kiyi. Dzina lake sindikuuzani, ndipo la chilumbacho musandifunse, chifukwa ndimakudziwani. Mukangotuluka muno mudzayamba kuloza anthu akutali, pamene ine ndikufuna chala chanu chikhale m'thumba mpaka ndimalize.

Anthu a pa chilumbapo anali opemphera. Izi ndinene poyambirira, wina angaganize kuti ndikukamba za zidakwa kapena za anthu osadziwa kumene khomo la tchalitchi linayang'ana. Ayi. Anali anthu oimba bwino, odziwa nyimbo pamtima mpaka ndime yomaliza, osachedwa ku mapemphero ngati ena amene ndawaona akulowa monyang'ama nyimbo yachiwiri ili mkati. Ndipo chimene ankadzitama nacho koposa zonse ndi ichi: kwawo bwato silinyamuka Lamulungu.

Sanali mawu apakamwa chabe. Loweruka lililonse ikakwana 3 koloko masana belu linkalira, ndipo mwamuna aliyense wokhala ndi bwato ankanyamula nkhafi zake paphewa, kukwera nazo chitunda, n'kukazisiya m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Mkulu uja ankaima pakhomo. Nkhafi iliyonse ankaidziwa mwini wake, moti ikasowa imodzi ankatumiza uthenga kuti uje abwere nayo msanga. Zikakwana ankakhoma loko, kiyi n'kuponya m'thumba la jekete, ndipo chitsekocho sichinkatsegukanso mpaka Lolemba m'mawa. Panalinso lamulo, lolembedwa bwinobwino m'buku la mpingo: wogwira nkhafi Lamulungu alandidwe khadi la mgonero, akhale pa chilango miyezi itatu. Kumeneko munthu sankayandikira gome la Ambuye wopanda khadi m'manja.

Tsono ndisanakwiye, poti ndikwiya ndithu, ndivomere chinthu chimodzi. Lamulungu la pa chilumbapo linali lokoma. Madzi ali phee, maukonde ali oyanikidwa pamiyala, msodzi amene sabata yonse saonana ndi ana ake atakhala nawo pakhonde akuwasendera nzimbe. Palibe wothamangira kudooko, palibe wokuwa kuitanira nsomba. Mpumulo ndi mphatso, abale anga, ndipo makolo amene anayambitsa mwambo wa nkhafiwo ankafuna kuti ngakhale wosauka apume, pasapezeke bwana womutuma panyanja tsiku limenelo. Chiyambi chake chinali chabwino.

Koma chilumbacho chinalibe mbusa wakewake. Abusa ankakhala kumtunda, ulendo wa ola limodzi ndi theka munthu akamapalasa ndi mphamvu, ndipo ankabwera kanayi pa chaka kudzadyetsa mgonero. Kale ankafika Loweruka n'kugona komweko. Kenako mipingo inachuluka, mbusa ali mmodzi yemweyo, ndiye kunabwera kalata yonena kuti kuyambira tsopano azibwera Lamulungu lomwelo akatha mapemphero a m'mawa kumtundako. Mpingo uzitumiza bwato lodzawatenga.

Akulu a mpingo anakhala pansi ndi kalatayo. Mgonero ankaufuna. Lamulo ankalifunanso. Anaiwerenga kawiri, wina n'kutsokomola, wina n'kumayang'ana kudenga ngati kukudontha. Zosintha lamulo sanaziganizire n'komwe. Funso lawo linali limodzi: apite ndani?

Panali msodzi wina, a Yotamu Likaomba. Ndiziwatchula choncho, mwaulemu, poti ulemu umenewo kwawo sanaupeze. Sanali mkulu wa mpingo, sanali woimbitsa nyimbo, ndipo powerenga ankachita kuloza ndi chala. Koma tsiku la mgonero ankaliyembekeza ngati mwana woyembekeza mayi ake amene anapita ulendo. Atamva kuti nkhani yavuta, anapita kwa mkulu wa kiyi uja chipewa chili m'manja.

"Akulu, ngati palibe wopita, ndipita ine. Anthu onsewa asasowe mgonero chifukwa cha madzi."

"Mulungu akudalitseni, a Yotamu," anatero mkuluyo.

Tsopano mverani bwino zimene mkuluyo anachita Lamulungu m'mawa. Anapita ku kachipinda kaja, anatsegula loko, chitseko n'kuchikankha pang'ono, kenako anazungulira kuseri kukaona ngati mtengo wa papaya wabala. A Yotamu analowa, anatenga nkhafi yawo, anatsikira kudooko. Mkuluyo atabwerako ku papaya kuja anakhomanso loko. Sanapereke nkhafi kwa munthu. Sanaone munthu akutenga nkhafi. Kwa iye nkhani inathera pomwepo.

A Yotamu anapalasa kupita, anapalasa kubwerera, abusa atakhala pakati pa bwato atafukata kabokosi ka zikho. Atafika anasamba kumaso mwachangu, anavala malaya oyera amene akazi awo, a Nachisale, anawasita Loweruka ndi simbi ya makala, anatenga khadi lawo, nakwera chitunda mtima uli myaa. Pakhomo pa tchalitchi anapeza mkulu uja atatambasula dzanja.

"Khadi lanu, a Yotamu. Mwagwira nkhafi lero."

"Koma akulu, si inu munanditsegulira chitseko?"

"Ine ndinangotsegula kuti m'chipindamo mulowe mphepo."

Kuti mulowe mphepo! Munthu wamkulu, wa imvi zake, pakhomo pa nyumba ya Mulungu! A Yotamu anapereka khadilo. Mkuluyo analipisa pakati pa buku lake la nyimbo. A Yotamu anakakhala pa mwala panja, pansi pa zenera, n'kumamva nyimbo ya mgonero ikuyamba, mapazi a anthu akukhwekhwereza kupita kutsogolo, tizikho tikugundana. Anadzitonthoza mumtima kuti miyezi itatu si zaka.

Koma tawerengani nane, abale. Chilango miyezi itatu. Mgonero kanayi pa chaka. Kuchokera mgonero uno kukafika mgonero winawo ndi miyezi ingati? Itatu yomweyo. Ndiye chilango cha a Yotamu chinkatha Loweruka, ndipo Lamulungu m'mawa chitseko chija chinkatsegukanso kuti mulowe mphepo. Pofika nthawi yoti gome liyalidwe, a Yotamu anali atalakwanso kale. Khadi silinkatuluka n'komwe m'buku la nyimbo. Mkuluyo ankangoti, "Pepani, a Yotamu, lamulo ndi lamulo," n'kulowa kukalandira mkate umene a Yotamu omwewo auolotsa.

Zinayenda choncho zaka khumi ndi chimodzi. Mwera uwombe, mvula igwe, mvuu zitseke njira ya m'bango, a Yotamu ankapita. Tsiku limene mafunde awachedwetsa, abusa ankaima padooko la kumtunda n'kumawalitsa kagalasi kawo kometera ndevu, ndipo kuwalako kunkaoneka mpaka pa tchalitchi cha pa chilumba. Anthu ankati, "Abusa afika kale tsidya linalo, a Yotamu akuchedwa pati?" Ndipo Loweruka lililonse la mgonero a Nachisale ankasita malaya oyera aja. Amuna awo ankati, "Ingositani, mayi, mwina ulendo uno akhululuka."

Mudzandifunsa kuti nanga abusawo analibe maso? Abusa anasinthana atatu pa zaka zimenezo. Onse anauzidwa kuti wopalasayo ndi munthu wa pa chilango, ndipo anangogwedeza mutu. Mmodzi yekha ndiye anafunsa ali pakati pa nyanja kuti, "Kodi bambo, munalakwa chiyani?" A Yotamu anayankha, "Akulu a mpingo ndiwo akudziwa, abusa." Basi. Mbusayo sanafunsenso kachiwiri. Ifenso ovala kolala tili ndi mlandu wathu pa nkhani imeneyi, ndipo sindiubisa: timakonda bwato likamayenda bwino, osafuna kudziwa za wopalasa.

M'chaka cha khumi ndi chimodzicho pa chilumbapo panabwera boti la injini. Linali la munthu wa mumpingo momwemo, ndipo Loweruka nayenso ankamasula payipi ya mafuta n'kukaisiya m'kachipinda muja pamodzi ndi nkhafi. Koma botilo linkaoloka mphindi makumi awiri okha, ndiye anthu anayamba kuyankhula. Bwanji lizipanga ulendo umodzi Lamulungu, kupita m'mawa, kubwerera masana? Nkhaniyo inayambira kuchitsime, inafika kudooko, inalowa m'mabanja. Ena anasiya kupatsana moni. Potsiriza akulu anaitanitsa msonkhano wa mpingo wonse Lachisanu masana.

Woyamba kuimirira anali mayi Esinati Makolija, wogulitsa nsomba zouma, mayi wosaopa maso a anthu.

"Mayi anga anagonekedwa m'chipatala kumtunda milungu isanu. Lamulungu lililonse anzawo akuonedwa ndi abale, iwo ali okhaokha ngati alibe ana. Mulungu amakondwa nazo zimenezo?"

Wina anakamba za ana a sekondale amene amafunika kukhala m'kalasi Lolemba m'mawa. Wina anakamba za maliro a kumtunda amene anthu amawaphonya. Otsutsa nawonso anaimirira, ndipo si onse amene anayankhula zopusa. Anati boti likayamba kuyenda Lamulungu kudzabwera mowa, kudzabwera ogula nsomba, ndipo asodzi adzabwerera panyanja chifukwa wogula wafika. Nkhawa imeneyo inali yoona. Anthu anzeru akanatha kukhala pansi n'kugwirizana: ulendo umodzi, wa odwala, wa maliro, wa ana a sukulu, wa abusa, malonda ayi.

A Yotamu anakhala pa benchi la kumbuyo, atatchera khutu kwambiri. Mukudziwa chifukwa chake? Boti likaloledwa, abusa azibwera pa botilo. Iwo sadzagwiranso nkhafi Lamulungu. Khadi lija lidzatuluka m'buku la nyimbo.

Mkulu wa kiyi nayenso anadziwa zimenezo. Anadziwanso kuti mpingo ukanena lero kuti kuolotsa abusa si tchimo, mawa wina adzafunsa kuti nanga zaka khumi ndi chimodzi zija a Yotamu ankalangidwira chiyani. Ndiye anaimirira, anakonza jekete, anatulutsa kiyi n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aione.

"Abale, chiyambire nthawi ya makolo athu, pa chilumba pano sipananyamukepo bwato Lamulungu. Ngakhale limodzi! Tiyambe ifeyo?"

Anthu anaomba m'manja. Anaomba m'manja, abale anga, anthu amene kanayi pa chaka ankaima pachitunda n'kumaonerera bwato la a Yotamu likubwera! Kumbuyo kuja a Yotamu anaimirira pang'onopang'ono, atagwira chipewa chawo ndi zikhatho zolimba ngati chikopa.

"Pepani akuluakulu, ndingofunsa. Nanga ine abusa ndimakawatenga pa chiyani? Ndimauluka?"

Ena anaseka, koma kusekako kunathera m'khosi. A Yotamu anapitiriza.

"Ngati ndi tchimo, musamanditume. Ngati si tchimo, ndipatseni khadi langa. Ndakalamba, akulu."

Pamenepo mkuluyo akanatha kutsegula buku lake la nyimbo. Linali m'manja mwake momwemo. Koma anayang'ana kwa mlembi, nati, "Munthu wa pa chilango sayankhula pa msonkhano wa mpingo. Khalani pansi, a Yotamu. Alembi, zimenezo musalembe."

Kenako anatsogolera chisankho, ndipo taonani mmene anafunsira. Sanati, amene akufuna kuti odwala aziyenderedwa aimirire. Anati, "Amene akufuna kuti tiphwanye tsiku la Mulungu, aimirire timuone." Ndani angaimirire pa funso lotere, azibale ake akumuyang'ana? Anaimirira mayi Esinati. Anaimirira a Nachisale. A Yotamu anaimiriranso, koma iwo sanawerengedwe. Ena onse, ngakhale aja ankakuwa kuchitsime, anangozolika n'kumayang'ana zala za kumapazi. Anatseka ndi nyimbo ya chigonjetso, ndipo anaiimba bwino kwambiri.

Mgonero wotsatira a Yotamu anapitanso. Ine ndikanakhala iwo ndikanakana, ndikunena zoona. Koma iwo anati anthu asalangidwe chifukwa cha mkangano wa akulu. Anabwerako atanyowa ndi mafunde, akutsokomola. Chifuwacho sichinathe. Anawatengera kuchipatala, anakhalako masiku, kenako madokotala anauza a Nachisale kuti apite nawo kunyumba. Mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Linafika Lamulungu lina la mgonero. M'mawa, mkulu uja akutulutsa kiyi, anaona a Nachisale akukwera chitunda, mpango uli pambali, akupuma movutikira.

"Akulu, bambo akunyumba sakudzuka. Chilango chawo chatha dzulo, ndipo lero sagwira nkhafi. Akuti abusa akafika, awabweretsere mgonero pamphasa pomwepo."

Mwamva, abale? Kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo, a Yotamu anali woyenera pamaso pa lamulo lawo, chifukwa analibenso mphamvu yonyamula nkhafi. Koma abusa anali tsidya lina, ndipo wowaolotsa anali yemweyo wagona pamphasayo.

Mkuluyo anachita zimene anazolowera. Anatsegula loko, anakankha chitseko, anapita kukaona papaya. Anakhalitsako ndithu. Atabwerako, nkhafi zonse zinali momwemo, payipi ya boti ili pamalo pake. Amuna anali atayamba kusonkhana pabwalo, atavala majekete, makhadi ali m'matumba. Mkuluyo anawayang'ana mmodzimmodzi. Anayamba ndi mwini boti. Mwini boti anayang'ana kumbali. Anafika pa msodzi wina wa mapewa otambalala, amene akanatha kuoloka osapuma.

"Akulu, musandiyang'ane ine. Miyezi itatu ya a Yotamu tonse tinaona kutalika kwake."

Palibe anasuntha. Ndipo muwadzudzule bwanji? Anali ataphunzira bwino phunziro limene anaphunzitsidwa. Tsidya lija kagalasi kanayamba kung'anima.

A Nachisale anali mayi wokalamba, wosadziwa kuwongolera bwato pa mafunde. Anayandikira mkuluyo, nayankhula motsitsa mawu, koma onse anamva.

"Nanga inuyo, akulu? Nkhafi yanu si iyo yatsamira pakonapo?"

Inalidi pomwepo. Mkuluyo anali msodzi wodziwika pa unyamata wake, ndipo mikono inali ikadali ndi mphamvu. Analowa m'kachipindamo. Anaima patsogolo pa nkhafi yake. Anatambasula dzanja, ndipo zala zinatsala pang'ono kukhudza mtengowo. Ndikufuna mudziwe kuti mtima wake unamuuza zoona pa nthawi imeneyo. Unamuuza kuti munthu uyu wakuolotsera mkate zaka zonsezi, kamuolotsere kamodzi. Koma anakumbukira mpando wake wa kutsogolo. Anakumbukira zaka makumi atatu zimene sanaphonyepo mgonero. Anaganiza za mwala uja wa pansi pa zenera, iye atakhalapo, anthu akudutsa. Anadzifunsa kuti kiyi adzasunga ndani iye akakhala pa chilango.

Anabweza dzanja. Anatuluka, anatseka chitseko, anakhoma loko.

"Mayi, tiyeni tipemphere. Mulungu akalola awasunga mpaka mawa. Mawa ndipita ndekha."

A Nachisale anatsika chitunda kubwerera kwa amuna awo.

Mpingo unalowa m'tchalitchi. Gome linali litayalidwa nsalu yoyera, koma panalibe mkate, panalibe chikho, panalibe mbusa. Aliyense anali ndi khadi lake, ndipo palibe anadya kanthu. Anayamba kuimba. Kagalasi kaja kanapitiriza kung'anima, kuwala kwake n'kumalowera pa zenera la kunyanja, kumagwa pankhope za oimba. Mkulu uja anakodola mtumiki wina, namunong'oneza kuti atseke zenera limenelo, kuwalako kukusokoneza mapemphero. Analitseka.

Kunyumba kuja a Yotamu anapempha kuti awaveke malaya oyera ndi kuwatsamiritsa pakhomo, pamene nyanja imaonekera. Maso anali atayamba kuchita mdima, koma kung'animako ankakuona.

"Abusa afika kale tsidya lija, mayi. Wapita ndani?"

A Nachisale anawagwira dzanja. Bodza sanafune kunena, zoona sanathe kunena.

"Afika," anatero a Yotamu okha. "Madzi ali bwino lero."

Dzuwa litapendeka, abusa anatopa n'kubwerera kwawo, ndipo kagalasi kanasiya. Ikukwana 3 koloko, ola lomwe lija belu la nkhafi limalira Loweruka, kunyumba kwa a Yotamu kunamveka kulira.

Lolemba m'mawa loko inatsegulidwa. Mukanaona, abale! Mabwato khumi ndi anayi anathamangitsana kupita kumtunda kukatenga abusa oti adzaike maliro. Boti la injini lili patsogolo, mkulu uja ataima kumutu kwake ngati kazembe. Dzulo panasowa nkhafi imodzi ya munthu wamoyo. Lero nkhafi zinachita kulimbirana chifukwa cha mtembo.

Pa maliropo mkuluyo anapatsidwa mpata woyankhula m'malo mwa mpingo. Anati tataya mtumiki wokhulupirika. Anati a Yotamu anali munthu wofatsa, wosadandaula. Misozi imene inatuluka ndikhulupirira kuti inali yeniyeni. Bokosi lisanakhomedwe, anayandikira mwakachetechete, anatsegula buku lake la nyimbo, anatulutsa khadi lija. Linali litachita chikasu, m'mbali mwake mutadyeka. Analilowetsa m'thumba la malaya oyera aja.

A Nachisale anamuona. Anadzuka pamphasa ya anamfedwa, amayi akuyesa kuwagwira. Anapisa dzanja m'thumba la amuna awo, anatulutsa khadilo, analiika m'dzanja la mkuluyo, n'kumupinda zala kuti aligwire bwino.

"Sungani, akulu. Kumene apitako, pakhomo sipaima inu."

Fanizo lathera pamenepo. Tsopano chala chija tulutsani m'thumba, koma musachilozetse kunyanja.

Ena mwa inu mukudikira kuti ndinene ngati boti liziyenda Lamulungu kapena ayi. Anthu a pa chilumba aja anakangana za boti miyezi yathunthu, koma mlandu wawo sunali wa boti. Bwato linkayenda kale Lamulungu, ndipo onse ankadziwa. Mlandu wawo unali wakuti anapeza munthu mmodzi woti aziwanyamulira tchimo limene iwo eni analipanga, kuti iwo azilowa m'tchalitchi manja ali oyera. Anadya mkate, n'kulanga wobweretsa mkate. Mulungu anapereka tsiku lopuma kuti wamng'ono apume pamodzi ndi wamkulu. Iwo analisandutsa mpando wokhalapo akulu, wonyamulidwa ndi msana wa wamng'ono. Chimenecho si chiyero. Ndi ulesi ndi mantha zitavala jekete, ndipo Mulungu sanamizidwa ndi jekete.

Ndikufunseni inu. Mwabwera bwanji kuno lero? Ena mwabwera pa kabaza, ndipo bambo amene wakupalasaniyo ali panja pa mpandapo, akudikira kuti mutuluke. Mwamuuzapo n'kamodzi komwe kuti alowe, njinga muyang'anira ndinu? Kapena mumangopukusa mutu kuti anthu a kabaza sapemphera? Ena mwasiya kunyumba mayi wantchito akuchapa ndi kuphika kuti mukapeze zonse zili m'malo, ndipo m'mapemphero a amayi mumamutchula kuti ndi wouma mtima, sabwera kutchalitchi. Abwera nthawi yanji? Mlonda amene akuyang'anira nyumba yanu kuti inu muimbe mtima uli m'malo analowa liti m'nyumba ya Mulungu? Mumatsegula chitseko, n'kupita kukaona papaya. Simunamutume, eti? Munangoti mulowe mphepo.

Musandiuze kuti lamulo ndi lamulo. Lamulo limene limagwira wosauka yekha, n'kumudutsa amene wamutuma, silinachokere kwa Mulungu. Ngati ntchitoyo ndi yoipa, lekani kuidyerera. Ngati ndi yofunika, lemekezani woigwira, musinthane naye, nayenso akhale pa gome. Njira yachitatu, ya kudya uku mukuweruza, kulibe.

Mkulu uja anati mawa. Ndipo mawa anapitadi, ndi mabwato khumi ndi anayi. Inu muli ndi munthu amene khadi lake lili m'buku lanu la nyimbo, ndipo pamene ndimayankhula nkhope yake yakubwererani. Akadali moyo. Musadikire Lolemba. Nkhafi yanu yatsamira pakonapo, ndipo lero ndi Lamulungu.